Nkhanu Zofiira za Nélida

A Melchor Yuquilema ndi bambo wa zaka 61, ndipo moyo wawo wonse akhala akulima mbatatesi pamunda wotsetsereka kumtunda kwa Guamote. Si munthu woyendayenda. Kutali kumene ankafikako ndi ku Riobamba, kukagulitsa nkhosa n'kubwerera tsiku lomwelo. Kudoko la Guayaquil, ulendo wa maola asanu okha pa basi, anali asanapondeko mpaka mwezi wa Ogasiti chaka chatha.

Chinawatsitsira kumeneko ndi mimba ya mwana wawo Nélida.

Kwathu kuno, mayi woyembekezera akalakalaka chakudya timati si iyeyo, ndi mwana ali m'mimbayo akupempha. Ukam'mana amanyanyala n'kubwerera komwe wachokera. Anamwino amatikalipira kuti zimenezo n'zabodza, chofunika ndi kumwa mankhwala ndi kupita kusikelo. Mwina akunena zoona. Koma pa mimba yake yoyamba Nélida analakalaka mango, ndipo a Melchor, omwe anali mkati mokumba mbatatesi, anangoti, "Mango kuno kumapiri? Adye nthochi." Patangotha sabata Nélida anapita padera. Kadzenje anakumba ndi a Melchor omwewo, kuseri kwa khola la nkhosa. Palibe amene anawaloza chala. Ankadziloza okha.

Tsopano Nélida anali ndi mimba ina ya miyezi isanu ndi umodzi. Mwamuna wake Wilmer anali atapita kunja kukagwira ntchito yomanga nyumba. Tsiku lina akusenda nyemba, mtsikanayu anangoti chapansipansi, "Zija tinadya ndi Wilmer kudoko titangokwatirana, nkhanu zofiira zija, zoswa ndi kanyundo pathabwa..." Sanamalize. Anaona nkhope ya mayi ake, a Clorinda, n'kunena kuti amangocheza. Koma masiku atatu otsatira mbale yake inkabwerera ili yodzaza.

Tsiku lachinayi a Melchor anatsuka ndowa yokhala ndi chivundikiro. A Clorinda anawotcha mbira yonona kwambiri m'khola lonse, anawiritsa mazira, anawonjezera tchizi chachikulu, zonse n'kumanga m'nsalu yoyera.

Kwathu munthu sapempha chinthu chachikulu chimanjamanja. Umanyamula mphatso n'kuiyala pamaso pa mwiniwake. Akaikankha ndiye kuti wakana, umamanga nsalu yako n'kumapita. Akangolawa ngakhale pang'ono, basi wavomera, ndipo chinthucho adzakupezera ngakhale chitamuvuta bwanji. Aliyense amadziwa zimenezi, ngakhale mwana.

"Anthu a kudoko ndi akathyali, bambo ake a Nélida," anatero a Clorinda. "Mupeze mmodzi wa nkhope yabwino mumupatse izi, akusankhireni zonona."

Ananyamuka mbandakucha atafunda poncho yawo, chofunda chofiira cha ubweya chopisa mutu pakati, chipewa kumutu. Basi inatsika, n'kutsika, makutu mpaka kutseka. Pofika kuchigwa, kuminda ya nthochi, malaya anali atamatirira pamsana. Poncho anaivula n'kuipinda paphewa.

Msika wa nsomba uli m'mbali mwa mtsinje, ndipo ukaima pakhomo umaona chapatali zombo zazitali ngati matchalitchi. A Melchor sanaime kuti aone. Analowa molunjika, ndowa kumanja. Munali nsomba zamitundumitundu, zina zazikulu kuposa nkhosa, madzi oundana akusungunukira pansi. Anafunsa bambo woyamba amene anakumana naye maso.

"Nkhanu?" anatero bamboyo, mpeni uli m'mwamba. "Mu Ogasiti muno? Madala, mwatsika phiri liti?"

"Zofiira zija, achimwene. Zoswa ndi kanyundo."

"Anzanga, tabwerani mudzaone! Wa kumapiri akufuna nkhanu!"

Panali kuseka. Mayi wina wosenda nsomba anakuwa, "Mumuuze abwere ndi bulangeti lakelo pa 16 Seputembala!"

"Boma latseka, madala," anatero bamboyo. "Kuyambira pa 15. Mwezi wathunthu, osagwira, osagulitsa. Simumvera wayilesi kwanuko?"

Wayilesi amamvera, koma ya kwathu imanena za chisanu ndi mitengo ya feteleza. A Melchor anazungulira mizere yonse, kawiri. Paliponse yankho linali lomwelo. Matebulo a nkhanu anali opanda kanthu, amphaka atagonapo. Komabe mumtima ankati, kwathunso ofesi imatsekedwa, koma ukapempha mwaulemu khomo la kuseri limatseguka.

Kungodya ya msika, kumene amaphika zakudya, anaona chikwangwani chojambulidwa nkhanu yaikulu yofiira. Pansi pake panali mayi wojintcha, ndolo zake zikulendewera, akupakula mpunga uku akulalatira makasitomala ake mowaseka. Ankamutchula kuti mayi Maruja. Nkhope yake inali yabwino.

A Melchor anavula chipewa, anayala nsalu ija pakona pa tebulo, n'kuima chete manja kumbuyo.

"Kalanga ine, khoswe wake ndi mano omwe!" anafuula mayi Maruja ataona mbira ija. Kenako anaona tchizi. "Koma ichi! Tchizi cha kumapiri chenicheni? Mukugulitsa?"

"Ayi mayi, ndi chanu."

"Changa? Inu madala, mukundifunsira kapena? Amuna anga ali moyo!" Anabenthula n'kuponya m'kamwa, maso n'kutsinzina. "Mmm. Zaka ziwiri ndisanalawe."

Mtima wa a Melchor unakhala pansi. Anayamba kufotokoza ndi mawu aang'ono aja a kwathu, kuti ndi za mwana wawo wamkazi, nkhanu zofiira, ngakhale zinayi zokha. Koma nthawi yomweyo mafuta anali kuthetheka, wayilesi ikulira, wina akugogoda mbale ndi supuni.

"Eya, eya, bambo anga, ndamva. Panopa manja andichepera. Mubwere 2 koloko, ndikukonzerani kanthu. Ndowayo isiyeni apo, musamayende nayo ngati wopemphetsa."

Atatuluka panja anaimba foni kunyumba.

"Walandira," anatero.

"Walawa?" anafunsa a Clorinda.

"Walawa ine ndikuona."

"Ambuye alemekezeke!" Ndipo anawamva a Clorinda akuitana, "Nélida! Bambo ako azipeza!"

Inali isanakwane 10 koloko. Munthu amene sanakhalepo tsiku lapakati pa sabata manja ali lende anali ndi maola anayi opanda chochita. Anakwera basi ya mumzinda n'kutsika pomwe anthu ambiri anatsika.

Njala inali itawagwira. Pakona pena bambo wina ankagulitsa msuzi wotentha wa nsomba ndi chinangwa, anyezi wambiri pamwamba. A Melchor anakhala pabenchi, n'kumayang'ana mbale osadziwa poyambira.

"Finyiranimo ndimu, akulu. Tswanyiranimo nthochi zokazingazo. Choncho! Mwabwera kuchipatala?"

"Ayi, kudzagula nkhanu."

"Ndiye mwabwera msanga ndi mwezi."

"Pali mayi wina wandilonjeza."

Bamboyo anawayang'ana nthawi yaitali akupukuta manja. "Ngati wakulonjezani, ndiye kuti mwina akufuna ndende, mwina akufuna ndalama zanu. Mwam'patsa kale?"

"Ndam'patsa mphatso. Walandira."

"Ehe, nanga akanakana?" Bamboyo anaseka n'kutembenukira kwa wina.

A Melchor sanaseke. Msuzi unali wokoma, koma maganizo awo anali kwina. Anadziuza kuti bamboyu sakumudziwa mayi uja, ndipo sanamuone mmene anatsinzinira polawa.

Anayenda mpaka kumsewu waukulu wa m'mbali mwa madzi. Ankayembekeza kuona nyanja yobiriwira ngati ya pa kalendala ya kusitolo. Anapeza mtsinje wamatope, wotambalala ngati chigwa, namasupuni akuyandama pamwamba. Chinawadabwitsa n'chakuti namasupuniyo ankapita kumtunda. Anaima nthawi yaitali atagwira chitsulo. Madzi a kwathu amatsika basi, ndipo munthu umadziwa kowatchingira. Awa sanawamvetse.

Kutsogolo kwa tchalitchi chachikulu kuli bwalo la mitengo lodzaza ndi abuluzi obiriwira, aatali ngati mkono, oyenda pakati pa anthu mopanda mantha. Mmodzi anabwera n'kuima pa nsapato yawo. A Melchor sanasunthe mpaka anachoka yekha. Analowa m'tchalitchimo, anayatsa kandulo imodzi, n'kutchula dzina la Nélida. La mwanayo sanatchule chifukwa analibe. Pa mimba iyi panyumba panalibe amene analimba mtima kusankha dzina.

Kenako anaona anthu akukwera kaphiri ka nyumba zopakidwa utoto wamitundumitundu, nawonso anatsatira. Masitepe ake ali ndi manambala, mpaka 444. Anyamata ndi atsikana a mumzinda ankapuma pa sitepe iliyonse ya makumi asanu, akudzikupiza ndi manja. A Melchor anawapitirira onse osaima.

"Taonani agogowo! Akwera ngati mbuzi!"

"Kwathu apa ndi pabwalo," anayankha a Melchor, ndipo kwa nthawi yoyamba tsikulo anamwetulira.

Pamwamba, pansi pa nsanja ya nyali yolondolera zombo, anaona mzinda wonse, madenga osatha, ndi kutsidya nkhalango yobiriwira yomera m'matope. Mlonda wa pamenepo anawauza kuti nkhanu zimakhala m'nkhalango zotero, m'maenje akuya ngati mkono wonse. A Melchor anayang'anitsitsa. Zinali pomwepo, zikwi ndi zikwi, ndipo iwo anali ndi manja odziwa kukumba.

Potsika analowa m'timisewu ta ogulitsa, momwe munthu umayenda cham'mbali ndipo aliyense amakukoka malaya. "Bwana, wotchi! Bwana, nsapato!" Anagula kanyundo kamtengo ndi kathabwa kake. Pafupi pomwepo panapachikidwa timasokosi ta makanda tachikasu. Anatigwira, n'kutisiya. Pa mimba yoyamba ija anagula zovala msanga, ndipo mpaka lero zili pansi pa sutikesi. Anayenda pang'ono, n'kukumbuka kuti mayi uja walawa, ndipo anabwerera n'kutigula. Anatiika m'thumba la malaya, la pamtima.

2 koloko isanakwane anali atafika kale. Msika unali utayamba kuphwa, anthu akukolopa. Mayi Maruja atawaona anawomba m'manja.

"Chibwenzi changa chafika! Khalani apa." Anawaikira mbale ya mpunga, nsomba yokazinga ndi nthochi zakupsa. "Idyani, musalipire. Tchizi chija sindingachidye chaulere."

A Melchor anathokoza, koma maso anali pa ndowa. Inali pansi pa tebulo, yotsukidwa bwino. Anaitsegula. Munalibe kanthu.

"Mayi, nanga nkhanu zija?"

"Nkhanu ziti?"

"Za mwana wanga. Zija ndinapempha."

"Bambo anga, nkhanu kulibe. Simunamve msika wonse ukukuuzani?"

"Koma munalandira."

"Ndinalandira chiyani?"

"Mphatso. Munalawa, ine ndikuona."

Mayi Maruja anayamba kuseka, koma kuseka kunathera pakamwa. A Melchor anali ataimirira, chipewa atachigwira ndi manja awiri.

"Takhalani pansi," anatero mayiyo. Anatsitsa wayilesi. "Yambani poyambirira. Mokweza, ine makutu anatha ndi phokoso la muno."

Anafotokoza zonse. Za mango, za kadzenje kuseri kwa khola, za mbale yobwerera yodzaza, ndi za nsalu yoyera, kuti kwawo imatanthauza chiyani. Mayi Maruja anagwira pakamwa.

"Mayo ine. Ine ndimayesa mwangokondwa nane. Kuno munthu akakupatsa chakudya umadya basi." Anatsegula kabati n'kutulutsa mbira ija, yosakhudzidwa. "Tengani, bambo, mwina..."

"Ayi!" Liwu linatuluka lalikulu mpaka wokolopa anatembenuka. "Musabweze, mayi. Chonde musabweze. Ndawauza kale kunyumba."

Pabenchi lina panakhala bambo wowonda wa kapusi, yemwe ankamvetsera zonse akutokosa mano. Mayi Maruja atapita kukathira madzi m'poto, bamboyo anayandikira.

"Madala, vuto lanu ndi laling'ono. Tiyeni panja."

Anawatengera kuseri kwa mpanda, pomwe panaima njinga yamoto, thumba lonyowa litamangidwa kumbuyo. Anayang'ana uku ndi uku n'kumasula. Munali nkhanu, zamoyo, miyendo yofiirira ikupalasa pang'onopang'ono. A Melchor anatola imodzi. Atakanikiza ndi chala chachikulu pamsana pake, chigoba chinabonyoka ngati dzira lowiritsa losenda, ndipo m'mbali munatuluka madzi oyera ngati mkaka.

"N'chifukwa chiyani ili yofewa?"

"Ndiye kunona kwake kumeneko. Fulumirani, apolisi amazungulira."

"Iwe!" Anali mayi Maruja, chipande kumanja, akupuma mwamphamvu. "Ulibe manyazi? Mwana wa eni ake ali ndi pakati!"

"Amayi inu, malonda ndi anga."

"Malonda a maliro! Choka ndisanakuitanire alonda." Anatembenukira kwa a Melchor. "Bambo, mwezi uno nkhanu zimafundula, n'chifukwa chake amatseka. Madzi oyerawo ndi oipa. Amuna anga, chimunthu chotere, anadya ziwiri chaka china, masiku atatu ali m'chimbudzi akuitana amayi awo. Nanga mtsikana wa mimba ya miyezi sikisi?"

A Melchor anaima nkhanu ili m'manja. Iwo ndi mlimi, amadziwa kuti mbatatesi ikabiriwira sudyetsa mwana, ngakhale alire bwanji. Koma ankadziwanso kulemera kwa dothi la kuseri kwa khola. Akainyamula, mwina apha. Akaisiya, mwina apha. Anayang'ana mayi uja ngati mwana wotayika pamsika.

"Ndiye ndichite chiyani, mayi?"

"Sindikudziwa, bambo anga. Ine ndimadziwa kuphika basi."

Nkhanu ija inapalasa m'dzanja mwawo mopanda mphamvu. Anaibweza m'thumba mosamala, ngati akugoneka khanda. Wa kapusi anatukwana, n'kuliza njinga yake.

Mayi Maruja anabwerera nawo n'kuwakhazika pabenchi. Anapita yekha mumsika n'kubwera ndi nkhanu za mtundu wina, zam'madzi, zophwatalala, za miyendo yabuluu, zomwe boma silinatseke. Anatsitsa poto wamkulu yemwe anali atamupachika kudikira Seputembala. Anathiramo anyezi, adyo, masamba onunkhira, botolo la mowa, ndi nthochi zakupsa ndi makoko omwe.

"Izi si zimenezo, ndisakunamizeni," anatero akutakasa. "Aliyense amene anadyapo zofiira adziwa pa kuluma koyamba. Koma poto ndi yemweyo, fungo ndi lomwelo."

"Nanga mwanayo, wa m'mimbayo, adziwa?"

Mayi Maruja anasiya kutakasa. Anaganiza ndithu, moona mtima.

"Ine ndabereka asanu," anatero, "koma palibe anandiuzapo."

Anathira zonse m'ndowa, msuzi womwe, n'kumanga chivundikiro ndi chingwe. A Melchor atafuna kutulutsa ndalama, anawamenya dzanja ndi chipande.

"Si ndinalawa? Mwati kwanu zimatero. Pitani, basi ikusiyani."

Basi inanyamuka 4 koloko. A Melchor anakulunga ndowa ndi poncho yawo kuti isazizire, n'kuikhazika pamiyendo. Powoloka mlatho anaona namasupuni uja, tsopano akutsikira kunyanja. Foni inalira kawiri m'minda ya nthochi, iwo osayankha. Ankasanja mawu, osasanjika. Msewu utayamba kukwera, dzuwa likupendeka, inaliranso. Anali Nélida mwiniwake.

"Ababa, mwafika pati?"

"Tayamba kukwera, mwana wanga."

"Amayi akuti mwazipeza."

Akanatha kungoti eya. Anayang'ana ndowa, nthunzi ikutulukira m'mbali mwa chivundikiro.

"Nélida, ndinalakwitsa. Zija unadya ndi Wilmer boma latseka mpaka mwezi wamawa. Ndinazigwira m'manja, koma ndi zodwala, zikanakupweteka. Ndanyamula zina. Mayi wina waphika m'poto wake wa nkhanu, ndi nthochi zomwe. Koma si zimenezo."

Ankangomva mpweya wa Nélida, ndi nkhosa ikulira chapatali.

"Masiku angati, ababa?"

"Makumi awiri ndi asanu ndi limodzi."

A Melchor anakonza poncho pandowa.

"Ndidzapitanso," anatero a Melchor. "Tsiku lomwelo lotsegulira. Njira ndaidziwa tsopano. Umuuze mwanayo adikire."

"Kanyundo mwagula?"

"Ndagula. Ndi thabwa lake."

"Chabwino. Ndiuza amayi asandipakulire, ndidikira zimenezo."

"Nélida. Akusuntha?"

"Anasuntha masana. Panopa wangokhala..."

Basi inakhota kulowa pakati pa mapiri, ndipo foni inaduka. Anaimbanso katatu, osalowa. Mnzawo wa pampando anawauza kuti kuno siigwira mpaka ku Pallatanga.

Mphepo ya kwathu inayamba kulowera m'mawindo. Anthu anatulutsa majekete ndi mabulangeti. A Melchor anali ndi malaya okha, onyowabe ndi thukuta la kudoko, timasokosi tija tili m'thumba.

"Akulu, fundani poncho yanuyo, mudwala," anatero mnzawo uja.

A Melchor anapukusa mutu. Anakumbatira ndowa ndi manja onse awiri, n'kumayang'ana foni.